Cironda ca Cuku pa Diso ndi Citetezo ca Thupi

M'nkhani yathu ya za umoyo lero tikamba za nthenda imene imayamba ndi kanthu kakang'ono, koma ikhoza kulanda munthu diso m'masabata owerengeka cabe.

Taganizani za mlimi amene ali kukolola cimanga m'mwezi wa Meyi. Pamene awerama, tsamba louma limkwapula m'diso. Iye atikita disolo, misozi ituluka, ndipo apitiriza nchito yake. Patapita masiku angapo diso lifiira, liyamba kuwawa kolimba, ndipo mlimi uja sathanso kuyang'ana kuwala kwa dzuwa. Anzake pomuyang'anitsitsa aona kadontho kotuwa pa mbali yakuda ya diso. Kadontho kameneka ndi cironda, ndipo kawiri-kawiri cimene cacititsa ndi cuku.

Cimene tifuna kuti mumvetse lero ndi ici: pa cironda cotere pali zinthu ziwiri zimene zimaononga maso a munthu. Coyamba ndi cuku ceni-cenico. Caciwiri ndi nkhondo imene thupi limaputa pofuna kupha cukuco. Dotolo wosamala amayang'ana zonse ziwiri.

Zenera la diso

Kutsogolo kwa diso kuli khungu loonekera ngati galasi, limene madotolo amalicha korniya. Mukayang'ana mnzanu m'maso, mbali yakuda imene muona iri kuseri kwa zenera limeneli. M'lifupi mwake korniya iri ndi mamirimita 11 kapena 12, ndipo pakati pake kucindikala kwake ndi ngati theka la mirimita imodzi. Ngakhale iri yopyapyala cotero, ndiyo imacita mbali ziwiri mwa zitatu za nchito yopinda kuwala kuti cithunzi cioneke bwino m'kati mwa diso.

Korniya imaonekera bwino kaamba ka zifukwa ziwiri. Iribe mitsempha ya magazi, ndiponso timaulusi timene timaipanga tinayalidwa mwa dongosolo lolongosoka kwambiri. Dongosolo limeneli likasokonezeka, pamatsala cipsera coyera. Cipsera ca pa mkono sicivuta munthu, koma cipsera ca pakati pa korniya cimatsekereza kuwala kwa moyo wonse.

Mdani wake ndani?

Cuku mumacidziwa bwino. Ndico cimamera pa nsima yogona, pa nshawa zosauma bwino, ndi pa cimanga cimene calowa madzi m'nkhokwe. Akatswiri amaciika m'banja la mafangasi, limodzi ndi bowa. Mitundu imene imagwira diso kawiri-kawiri ndi Fusarium ndi Aspergillus, imene imakhala m'nthaka ndi pa zomera, ndiponso Candida, amene amakonda diso limene linali lodwala kale.

Njere za cuku ndi zazing'ono koposa fumbi, ndipo zimagwa m'maso mwathu tsiku ndi tsiku popanda vuto. Koma ngati khungu la pamwamba pa korniya lakandika ndi tsamba, munga, udzu kapena mankhusu, njere zija zimapeza polowera. M'katimo zimamera ndi kutulutsa timizu tonga ulusi, timene timaboola korniya kulowa pansi.

Nthendayi siyacilendo kwa madotolo. M'caka ca 1879 dotolo wa ku Germany, Theodor Leber, analemba za mlimi amene mankhusu a mbeu ya oats anamlowa m'diso, ndipo pa cironda cake panapezeka Aspergillus. M'caka ca 2021 akatswiri anafalitsa ciwerengero cosonyeza kuti anthu oposa 1,000,000 amadwala nthendayi caka ciri conse pa dziko lapansi, maka-maka ku Asia ndi kuno ku Africa, ndi kuti pafupi-fupi mmodzi mwa 10 amataya diso lonse. Ambiri a iwo ndi alimi a m'maiko otentha, anthu a msinkhu wogwira nchito, amene mabanja amadalira.

M'mene thupi limadzitetezera

Mlonda woyamba wa diso ndi misozi. Siimangotsuka fumbi ai. Muli zinthu zopha tizirombo, monga lysozyme, imene Alexander Fleming anailongosola m'caka ca 1922, ndi lactoferrin, imene imagwira ayironi ndi kuibisa kuti tizirombo tisaipeze, pakuti cuku sicingakule popanda ayironi.

Cuku cikadutsa mlonda ameneyu, cimakumana ndi maselo ocepa a citetezo amene amakhala m'kati mwa korniya. Maselowa ali ndi zozindikirira mdani. Cimodzi mwa izo cimachedwa Dectin-1, ndipo m'caka ca 2001 Gordon Brown ndi Siamon Gordon, pogwira nchito ku Oxford, anasonyeza kuti ico cimazindikira mtundu wa shuga wochedwa beta-glucan, amene ali m'cikopa ca cuku. Njere ya Aspergillus ikali gone imakhala yokutidwa ndi covala cimene cimabisa shuga ameneyu. Ikayamba kutupa ndi kumera, covala cija cimang'ambika, ndipo thupi limadziwa kuti mlendo walowa.

Pamenepo maselo aja amaliza mfuu. Amatulutsa mankhwala a uthenga, monga interleukin-1, amene amafika ku mitsempha ya magazi yozinga korniya. Mitsemphayo imatanuka, ndiye cifukwa cake diso limafiira, ndipo mwa iyo mumatuluka khamu la maselo oyera a magazi ochedwa neutrophil, amene ambiri timawacha asirikali a thupi. Pa cironda ca cuku asirikali amenewa ndiwo amaculuka koposa ena onse.

Asirikaliwa akhoza kumeza njere, koma timizu ta cuku ndi tatali kwambiri kwa iwo. Motero amatikangamira ndi kutithira mankhwala oocha, pamodzi ndi madzi osungunula mnofu. Alinso ndi njira yomana mdani cakudya. Amatulutsa calprotectin, imene imagwira zinki ndi manganizi, kotero kuti cuku cimasowa zokulira. Zambiri za izi zinadziwika mwa nchito ya Eric Pearlman ndi anzake ku America, mogwirizana ndi madotolo a zipatala za maso za Aravind ku India.

Pamene alonda apondereza mbeu

Anyani akalowa m'munda, mlimi amamasula agalu ake. Popanda agaluwo cimanga conse cidzatha. Koma agalu akaculuka, nathamanga uku ndi uku osaleka, iwonso amagwetsa mapesi, ndipo pamapeto pake mwini munda sadziwa kuti waononga kwambiri ndani.

Ndi m'mene ziriri pa korniya. Madzi osungunula amene asirikali amathira pa cuku samasankha. Amasungunulanso timaulusi ta korniya, ndipo iyo imayamba kupyapyala. Asirikali akufa amaunjikana, nasanduka mafinya amene nthawi zina amaoneka ngati mzere woyera pansi pa mbali yakuda ya diso. Cironda cikapitirira, korniya imabooka, madzi a m'diso natuluka. Ngakhale cuku cife, cipsera cimene nkhondoyo yasiya cikhoza kukhala cacikulu kotero kuti munthu sangaonenso.

Apa ndipo pali vuto la dotolo. Akamanga agalu onse, anyani atha munda. Akawasiya osawaletsa, munda upondeka. Kuciritsa kodzera m'citetezo ca thupi kumatanthauza kufuna-funa muyeso pakati pa ziwirizi.

Coyamba ndi kupha cuku

Tisanakambe za muyesowo, tinene poyera kuti maziko a kuciritsa konse ndi mankhwala opha cuku. Dotolo amapala pang'ono pa cironda ndi kuyang'ana pa maikulosikopu, cifukwa cironda ca cuku ndi ca mabakiteriya zikhoza kufanana, koma mankhwala ake ndi osiyana.

Mankhwala oyamba kusankhidwa ndi madontho a natamycin a mphamvu ya 5 peresenti. Mankhwalawa anapezeka m'caka ca 1955 kucokera ku kacirombo ka m'nthaka ya kufupi ndi Pietermaritzburg, m'cigawo ca Natal ku South Africa, ndipo dzina lake linacokera pamenepo. Amagwira cinthu cochedwa ergosterol, cimene ciri m'khungu la cuku koma mwa munthu mulibe. M'caka ca 2013 kafukufuku wa odwala 323 ku South India anasonyeza kuti natamycin amaposa mankhwala atsopano ochedwa voriconazole, maka-maka pa Fusarium. M'caka ca 2017 bungwe la World Health Organization linaika natamycin pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko liri lonse. Pa Candida madotolo amakonda amphotericin B.

Madonthowa amathiridwa ola liri lonse, usana ndi usiku pa masiku oyamba, kenaka amacepetsedwa pang'ono-pang'ono kwa masabata ambiri. Cuku cimacedwa kufa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wodwala amene aleka mankhwala cifukwa ululu wacepa amaitana nthenda kuti ibwerere.

Ngozi ya masiteroidi

Njira yodziwika koposa yoziziritsira citetezo ca thupi ndi mankhwala ochedwa masiteroidi, monga dexamethasone, betamethasone, hydrocortisone ndi prednisolone. Pa matenda ena a maso mankhwalawa ndi othandiza kwambiri. Pa cironda ca cuku cimene cikali ca moyo, ndi oopsa.

Munthu akathira madontho amenewa, kufiira kumacepa, ululu umatsika, ndipo iye amakondwa kuti wacira. Koma ndi cikome-kome ca nkhuyu. Masiteroidi amanga agalu onse nthawi imodzi. Asirikali aleka kubwera, amene alipo afooka, ndipo timizu ta cuku tilowa pansi popanda wotiletsa. Pamene ululu udzabwerera, cironda cidzakhala citakula ndi kuzama.

Dziwani kuti kawiri-kawiri masiteroidi amasakanizidwa ndi mankhwala opha mabakiteriya m'botolo limodzi, ndipo mabotolo otere amagulitsidwa ngati mankhwala wamba a diso lofiira. Werengani pa botolo. Mukaona dzina lothera ndi "sone" kapena "solone", musathire m'diso limene lavulala ndi comera, pokha-pokha dotolo wa maso atakupimani. Madotolo eni ake akafuna kugwiritsa nchito masiteroidi pa nthendayi, amayembekeza kufikira atakhutira kuti cuku cafa, ndipo amapima wodwalayo pafupi-pafupi.

Kuletsa mosankha

Popeza masiteroidi amaletsa zonse, madotolo anafuna mankhwala oletsa mbali imodzi cabe ya citetezo. Awiri odziwika ndi cyclosporine ndi tacrolimus. Cyclosporine, zodabwitsa, anacokera ku cuku ca m'nthaka ya ku Norway, ndipo tacrolimus anapezeka m'caka ca 1984 m'kacirombo ka m'nthaka ya ku Tsukuba ku Japan. Onse awiri amatseka cinthu cochedwa calcineurin, ndipo potero amaziziritsa maka-maka maselo ochedwa T, osafooketsa kwambiri asirikali opha cuku. Cinanso ndi cakuti cuku naco ciri ndi calcineurin yake, imene cimadalira pokula, ndipo m'nyumba zofufuzira zaoneka kuti mankhwalawa amacifooketsa.

Nchito yao yaikulu imaoneka pambuyo pa opaleshoni. Cironda cikakana mankhwala, kapena korniya ikabooka, dotolo amadula mbali yodwalayo ndi kusokererapo korniya ya munthu amene anapereka maso ake pomwalira. Opaleshoni yotere inayamba kutheka m'caka ca 1905, mwa dzanja la Eduard Zirm ku Olomouc. Koma thupi likhoza kukana korniya yacilendoyo. Mwa nthawi zonse masiteroidi ndiwo amaletsa kukanako, koma apa akhoza kudzutsa cuku cotsalira m'mphepete. Cotero pa masabata oyamba madotolo ambiri amapereka madontho a cyclosporine kapena tacrolimus m'malo mwake. Umboni wa njirayi ndi wocokera ku magulu ang'ono-ang'ono a odwala, ndipo ndiye cifukwa cake imakhala m'manja mwa akatswiri a korniya okha.

Palinso njira zina zotetezera korniya ku asirikali ake omwe. Mapiritsi a doxycycline, kuonjezera pa kupha mabakiteriya, amafooketsa madzi aja osungunula mnofu, ndipo madotolo amawapereka pamene korniya iri kupyapyala. Ena amaphimba cironda ndi kakhungu kopyapyala ka m'kati mwa thumba limene mwana amakhalamo asanabadwe. Kakhunguka kamatengedwa mwa cilolezo kwa amai opimidwa bwino amene abala mwa opaleshoni, ndipo kamacepetsa kutupa ndi kuthandiza khungu latsopano kumera.

Kulimbikitsa citetezo

Mbali ina ya nkhaniyi ndi kuonjezera mphamvu thupi m'malo moicepetsa. Citsanzo cimodzi cicokera ku Thailand. Kumeneko, ndiponso ku India, kuli kacirombo ka m'madzi ndi m'minda ya mpunga kochedwa Pythium insidiosum. Pa maikulosikopu kamaoneka ngati cuku, koma si cuku ceni-ceni, ndipo popeza kalibe ergosterol, mankhwala opha cuku sakagwira bwino. Madotolo a ku Thailand amabaya odwala jekiseni wopangidwa ndi zidutswa za kacirombo komweko, kuti thupi lisinthe kamenyedwe kake. Njirayi inayamba pa akavalo, ndipo nkhani ya munthu woyamba kuthandizidwa nayo inafalitsidwa m'caka ca 1998. Pa diso, komabe, jekiseniyu sanacotse kufunika kwa opaleshoni, ndipo ku India madotolo amadalira mankhwala a linezolid ndi azithromycin.

Citsanzo cina cicokera ku Cape Town. M'caka ca 2012 kunafalitsidwa kafukufuku wa odwala HIV amene anali ndi fangasi ya Cryptococcus m'madzi a ku bongo. Amene anapatsidwa interferon-gamma, mankhwala odzutsa asirikali, pamodzi ndi mankhwala opha fangasi, madzi ao anayera msanga koposa anzao. Izi zisonyeza kuti ganizo lothandiza thupi liri ndi maziko, ngakhale kuti pa korniya njirayi siinakhazikitsidwe.

M'nyumba zofufuzira akatswiri ayesa pa mbewa njira ya kumana cuku cakudya, pothira lactoferrin pa diso kapena pobaya calprotectin, ndipo cuku cinacepa. Ayesanso kutseka uthenga umodzi-umodzi wa maselo, kuti asirikali abwere okwanira kupha mdani koma osasefukira. Koma diso la mbewa si diso la munthu. Zimene zatheka pa nyama ziyenera kuyesedwa pa odwala ambiri zisanafike ku cipatala ca kwanu, ndipo sizonse zimapambana. Njira ina yolimbitsa korniya ndi vitamini B2 ndi kuwala kwa mtundu wapadera inapatsa ambiri ciyembekezo, koma kafukufuku wa ku Madurai wofalitsidwa m'caka ca 2020 anapeza kuti siinathandize pa zironda za cuku. Dziwaninso kuti kufikira lero palibe katemera wobvomerezeka woteteza munthu ku nthenda iri yonse ya fangasi. Wina akakuuzani kuti ali ndi mankhwala okweza citetezo amene aciritsa cironda ca diso, musamkhulupirire.

Pali njira yolimbikitsira citetezo imene iri pafupi ndi ife tonse. M'caka ca 1999 kafukufuku wa ku Dar es Salaam anapeza kuti ambiri mwa odwala cironda ca cuku amene anapimidwa kumeneko anali ndi HIV. M'caka ca 2019 ofufuza a ku Mbarara ku Uganda anaona kuti HIV, matenda a shuga ndi nchito ya ulimi zimaonjezera ngozi ya zironda za korniya. Izi sizitanthauza kuti yense wodwala diso ali ndi kacirombo, pakuti alimi ambiri a thanzi labwino amadwala nthendayi. Koma ndi nzeru kuti wodwala apimitse magazi. Kumwa ma ARV mokhulupirika ndi kusunga shuga pa muyeso wake ndi mbali ya kuciritsa diso.

Mbali yanu

Tsono inu mungacite ciani? Pokolola, popuntha mapira, posenga udzu kapena podula mitengo, valani magalasi ochinga maso ngati mungawapeze. Cinthu cikakulasani m'diso, litsukeni ndi madzi oyera ambiri, osalitikita, ndipo pitani ku kiliniki tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Musathiremo madzi a masamba, mkaka wa m'mawere, mkodzo kapena phulusa. Kafukufuku wa m'midzi ya ku Malawi wofalitsidwa m'caka ca 1994 anapeza kuti wodwala korniya mmodzi mwa atatu anali atayamba wathira mankhwala a cikuda asanafike ku cipatala. Madzi a masamba akhoza kubweretsa njere zina za cuku pa cironda, ndipo masiku amene munthu ataya poyembekeza kuti agwire nchito ndiwo masiku amene timizu tilowa pansi. Musabwerekenso madontho otsala a mnansi wanu.

Mukaona kadontho koyera kapena kotuwa pa mbali yakuda ya diso, kapena ngati ululu ukula patapita masiku awiri muli pa mankhwala, pemphani kalata yokutumizani kwa a za maso. Uzani dotolo cimene cinakulasani, tsiku limene cinakulasani, ndi zonse zimene mwathiramo, osabisa. Mau akuti "linandikwapula tsamba la cimanga" ndiwo amampatsa ganizo la cuku. Tengani mabotolo onse kuti awaone.

Cironda cikali cacing'ono ndi capamwamba, madontho okha amakhoza kuciciritsa, ndipo thupi silifunika kuitana khamu lalikulu la asirikali. Cikazama, dotolo amakhala ndi nkhondo ziwiri pa zenera lopyapyala ngati theka la mirimita. M'mera m'poyamba. Akatswiri akali kufuna-funa muyeso wabwino woongolera citetezo ca thupi, koma tsiku limene mlimi anyamuka kupita ku cipatala ndilo limalamula kwambiri ngati adzaonanso ndi diso lake.

Tsalani bwino, ndipo muuzeko anzanu a kumunda zimene mwamva lero.